KUKONZA BOTI LAKALE LA USODZI NDI INJINI YAKE

Nkhani ya lero ikupita makamaka kwa asodzi a m'mbali mwa nyanja ya Malaŵi, kuyambira ku Karonga kutsika ndi Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima mpaka ku Mangochi, ndiponso kwa anzawo a ku Malombe ndi ku Chilwa. Komabe omvera a kumtunda asatseke wailesi, pakuti usipa ndi utaka umene amagula pamsika umabwera ndi maboti omwe nkhaniyi ikukamba, ndipo ambiri ali ndi ana kapena abale amene amachezera pamadzi usiku m'maboti amenewo.

Boti lamatabwa pamodzi ndi injini yake ndicho chuma chachikulu cha banja la msodzi. Likakalamba n'kuyamba kuloŵa madzi, eni ake ambiri amachita chimodzi mwa ziŵiri: ena amalitaya pagombe kuti lidyedwe ndi chiswe, ena amangopitiriza kupita nalo kutali, nalemba mnyamata wina woti azikapa madzi usiku wonse. Oyambawo amataya chuma, achiŵiriwo amaika miyoyo ya anthu pachiswe. Pakati pa njira ziŵirizi pali yachitatu, ndiyo kulikonza mwadongosolo. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inalumikizidwa ku Monkey Bay ndipo inayamba maulendo ake mu 1951. Inatha kutumikira anthu zaka zoposa 70 chifukwa chakuti nthaŵi ndi nthaŵi inkaimitsidwa kuti amisiri aiyang'ane ndi kuikonza. Lamulo lomwelo ligwiranso ntchito pa boti la chilimira.

Nthaŵi ndi malo a ntchitoyi

Msodzi wanzeru sadikira kuti boti limire ndiye alikonze. Amasankha nthaŵi imene usodzi waima. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala makoka ena amaletsedwa panyanja kuti chambo chiswane, ndipo pa chilumba cha Mbenji ku Salima mafumu amatseka usodzi kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo. Masiku otere ndiwo oyenera kutulutsa boti. Chachikulu n'chakuti ntchito yonse ikhale itatha mwera usanayambe, pakuti kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti mphepo imeneyi imautsa mafunde amene amafunafuna thabwa lofooka ndi msomali wadzimbiri. Nyanjayi siiseŵeretsa: pa 30 Julayi 1946 sitima yachitsulo ya Vipya inamira m'namondwe kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 anatayika.

Boti likatuluka m'madzi lisagonekedwe pamchenga. Liikidwe pamitengo yopingasa kuti mphepo izipita pansi pake ndiponso kuti chiswe chisalipeze msanga. Pamwamba pake pakhale chisakasa chaudzu. Chisakasacho chili ndi ntchito ziŵiri: kutchinga mvula kuti matabwa aume, ndi kutchinga dzuŵa kuti asaume mothamanga n'kuyamba kung'aluka. Kenaka zonse za m'kati zichotsedwe, mchenga, mamba a nsomba ndi ndere zipalidwe, boti litsukidwe, lisiyidwe masiku angapo.

Akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Eni maboti ambiri amathamangira injini chifukwa ndiyo imamveka, koma injini yamphamvu pa boti lovunda imangofulumizitsa ngozi. Thupi la boti ndilo loyamba.

Kufufuza povunda

Chimene chimavunditsa thabwa ndi nkhungu, tizomera ta mtundu wa bowa timene timadya mtengo m'kati mwake. Nkhunguyi imafuna zinthu ziŵiri pamodzi, chinyezi ndi mpweya. N'chifukwa chake thabwa louma kwathunthu silivunda, ndipo thabwa lokhala pansi pa madzi nthaŵi zonse limavunda mochedwa. Povunda msanga ndi pamene pamanyoŵa ndi kuuma mosinthasintha, kapena pamene madzi a mvula amadikha: pakati pa nthiti za boti ndi matabwa, pansi pa matabwa opondapo, m'makona a kumbuyo, ndi patsinde pa mtengo wa kumphuno. Asodzi a ku Beira ndi ku Nacala amavutika ndi nyongolotsi za m'madzi amchere zoboola matabwa. Nyongolotsi zimenezo m'nyanja ya Malaŵi mulibe, koma mchere umachedwetsa nkhungu, motero boti la m'madzi opanda mchere limavunda msanga koposa.

Zida zofufuzira n'ziŵiri zokha, kanyundo ndi nsonga ya mpeni. Thabwa labwino likagogodedwa limalira momveka, lovunda limayankha mogonthera ngati dzungu. Nsonga ya mpeni imakanika kuloŵa m'thabwa lamoyo, koma m'thabwa lovunda imamira mosavuta ngakhale utoto wapamwamba ukuoneka bwino. Paliponse pokayikitsa palembedwe ndi choko kapena khala, ndipo ntchito yodula isayambe kufikira boti lonse litayenderedwa.

Malo atatu ayenera kuyang'anidwa mwapadera. Oyamba ndi msana wa boti, mtengo wautali wa pansi umene nthiti zonse zimatsamirapo. Munthu aime kumbuyo, ayang'ane motsata msanawo: ngati wapindika kapena wavunda mbali yaikulu, mwini boti aŵerengere bwino, pakuti kaŵirikaŵiri kukonza boti lotero kumadya ndalama zoyandikira mtengo wa latsopano. Achiŵiri ndi nthiti, makamaka pamene zimakhota, poti m'pamene zimathyokera. Achitatu ndi thabwa la kumbuyo lomangirirapo injini. Thabwa limeneli limasenza kulemera kwa injini ndi kukankha kwake konse. Likagwedezeka pamene munthu alikoka ndi manja, lisinthidwe ndithu, ndipo makona ake alimbitsidwe ndi mitengo yokhota yomangidwa ndi mabauti. Injini zambiri zimene zili pansi pa nyanja zinapita ndi thabwa limeneli.

Matabwa ndi misomali

Mlombwa ndiwo mtengo umene amisiri a maboti amaukonda, chifukwa suvunda msanga ndiponso sufupika kapena kutupa kwambiri ukauma kapena ukanyoŵa. Mbaŵa nayo imagwira ntchito bwino. Kale amisiri ankagwiritsanso ntchito mkungudza wa ku Mulanje, koma mtengo umenewu, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu, ndipo msodzi asalole kugula thabwa lake kwa ozembetsa. Paini ndi wotsika mtengo koma amavunda msanga m'madzi. Pogula mlombwa, mwini boti ayang'ane mtundu wake: mtima wa mtengo ndi wofiirira ndipo ndiwo wolimba, pamene mbali yoyera ya kunja imafumbwa ndi kuvunda. Thabwa lokhala ndi mzere woyera m'mphepete lichekedwe kuti choyeracho chichoke. Likhalenso louma, pakuti laliŵisi limafupika likakhomedwa kale n'kusiya mpata.

Pochotsa povunda, mmisiri adule kupitirira pamene kuvunda kukuonekera, chifukwa nkhungu imayenda m'kati mwa thabwa patsogolo pa chimene maso akuona. Chigamba chaching'ono chokhomedwa pakati pa nthiti ziŵiri sichilimba. Thabwa latsopano lidutse nthiti zosachepera zitatu, ndipo polumikizira pake pasagwere pa nthiti imodzi ndi polumikizira pa thabwa loyandikana nalo, monga momwe womanga nyumba salola kuti mipata ya njerwa iime mzere umodzi. Nthiti yothyoka, ngati siinavunde, ingathe kusiyidwa pomwepo n'kukhomera ina yatsopano pambali pake kuti isenze katundu. Yovunda ichotsedwe, chifukwa imapatsira zinzake.

Misomali wamba ya nyumba imachita dzimbiri m'kati mwa thabwa, niwonda mpaka kutsala ngati singano, pamene mutu wake kunja ukuoneka wabwino. Chizindikiro chake ndi banga lakuda kapena mzere wa dzimbiri wotsika kuchokera pamutupo. Mmisiri azule misomali ingapo m'malo osiyanasiyana kuti aone. Ikapezeka yodyeka, boti lonse likhomedwenso ndi misomali yokutidwa ndi chitsulo choletsa dzimbiri, imene m'masitolo imatchedwa galvanised. Asanakhome aboole kaye kabowo kocheperako kuti thabwa lisang'aluke, ndipo nsonga yotulukira m'kati aipinde kuti igwire nthiti.

Kutseka mipata ndi kupaka utoto

Pamagombe ambiri anthu amatseka podontha ndi pulasitiki wosungunula kapena kachidutswa ka lata. Zimenezi zingapulumutse ulendo wa tsiku limodzi, koma pansi pa chigamba chotero chinyezi chimabisala ndipo thabwa limavunda mwakachetechete. Kakonzedwe koyenera nkotere: zakale zonse za mumpata zikokedwe ndi kachitsulo kokoŵa, mpatawo upakidwe utoto woyamba, kenaka thonje lopotedwa ngati chingwe likhomeredwemo ndi tchizulo yobuntha ndi nyundo yamtengo. Pamwamba pa thonjelo pamatidwe phula kapena pate wa maboti.

Apa m'pamene pafunika dzanja lodziŵa. Matabwa amene auma pagombe amatupa akabwerera m'madzi. Thonje likakhomedwa mopitirira muyeso, matabwa otupawo amasoŵa kopita, nakankhana mpaka kuzula misomali kapena kuthyola nthiti. Likhomedwe lolimba moti silingatuluke ndi chala, koma osati ngati mphero yong'ambira chikuni. Phula litenthedwe kutali ndi zigubu za petulo ndi maukonde, ndipo ana asayandikire.

Utoto upakidwe pa thabwa louma ndi lopalidwa bwino: woyamba wosungunula pang'ono kuti uloŵe m'thabwa, kenaka malaya aŵiri a utoto wamafuta, kulola oyamba kuuma asanabwere achiŵiri. M'kati mwa boti, pansi pamene madzi amadikha, pafunika utoto koposa kunja kumene anthu amaona. Ena amakuta boti lakale ndi fibreglass. Chikutocho chikaikidwa pa thabwa lonyoŵa kapena lovunda chimatsekera chinyezi m'kati, ndipo boti limaoneka latsopano pamene likufa.

Boti likabwezedwa m'madzi limadontha poyamba. Mwini wake asataye mtima. Alimangirire pamadzi osaya masiku aŵiri kapena atatu kuti matabwa amwe, ndipo podontha pamene patsala pambuyo pake ndipo pofunika kubwerezapo.

Petulo ndi oilo

Injini zambiri za asodzi ndi zija zopachika kumbuyo, za mphamvu ya akavalo 15, 25 kapena 40, monga za Yamaha Enduro, zimene zimamwa petulo wosakaniza ndi oilo. Injini yotere ilibe mosungira oilo monga ya galimoto. Oilo wa m'petuloyo ndiye yekha amafeŵetsa zitsulo za m'kati. Akachepa, pisitoni imatentha n'kukanirira. Akachuluka, injini imafuka utsi, mapulagi amada, ndipo mwaye umaunjikana m'kati. Muyeso wa injini zambiri za mtundu umenewu ndi magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oilo, ndiye kuti mamililita 400 a oilo pa malita 20 a petulo. Injini yatsopano, kapena imene yangoikidwa pisitoni ndi maring'i atsopano, imafuna oilo woŵirikiza kaŵiri pa maola 10 oyamba. Buku la injini ndilo lotsimikiza muyeso wake. Oilo akhale wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3 pabotolo, ndipo ayezedwe ndi kabotolo kodziŵika kukula kwake, osati ndi maso. Oilo wakuda wotsala m'galimoto ndi chiphe kwa injini yotere.

Kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malaŵi wakhala akusakanizidwa ndi mankhwala ameneŵa. Ethanol amakoka chinyezi. Petulo akakhalitsa m'thanki pagombe, madzi amasonkhana pansi, pomwe paipi imayamwira. Motero pokonza injini yakale thanki ikhuthulidwe yonse ndi kutsukidwa, sefa ya petulo itsegulidwe, ndipo mapaipi ouma kapena ong'aluka asinthidwe. Kampira kopopera petulo kali ndi muvi, umene uyenera kuloza ku injini. Pachitsekero cha thanki pali kabauti koloŵetsera mpweya: kakakhala kotseka, injini imalira mphindi zoŵerengeka n'kuzima, ndipo asodzi ena alipirapo makaniko chifukwa cha kabauti kameneka.

Pulagi ndi kabureta

Pulagi imanena za umoyo wa injini monga lilime limanenera za wodwala. Nsonga yake ikakhala yofiirira ngati khofi wamkaka, zonse zili bwino. Ikakhala yakuda ndi yonyoŵa, oilo kapena petulo wachuluka. Ikakhala yoyera mbee, injini ikutentha kapena ikulandira petulo wochepa, ndipo ichi ndicho choopsa koposa. Mpata wa pansonga umasiyana ndi mtundu wa pulagi: ya NGK B7HS imafuna milimita 0.6 mpaka 0.7, pamene ya B7HS-10 imafuna milimita 0.9 mpaka 1.0. Pomanga pulagi, iyambe kuloŵetsedwa ndi zala, sipanala ibwere pomalizira, chifukwa mutu wa injini ndi wa chitsulo chofeŵa ndipo mazinga ake amaphwanyika msanga.

M'kabureta ndimo petulo amasakanikirana ndi mpweya, podzera m'timabowo tating'ono ngati diso la singano. Petulo wakale amasiya utomoni umene umatseka timabowoti, ndipo injini imavuta kulira, imazima ikachepetsedwa moto, kapena imatsamwa ikawonjezeredwa. Kabureta imasulidwe pansalu yoyera, osati pamchenga, itsukidwe ndi petulo woyera ndi kuuziridwa mpweya. Kutokosa timabowoto ndi waya kumatikulitsa, ndipo kuyambira pamenepo injini imamwa petulo mopitirira masiku ake onse. Ngati zonsezi zachitika koma injini ikadali yofooka, ndipo chingwe cholizira chikukokeka mopepuka kuposa kale, makaniko ayeze mphamvu ya kupanikiza kwa mpweya m'masilinda. Masilinda aŵiriwo akasiyana kwambiri, maring'i kapena pisitoni zatha. Pamenepa mwini boti asayese yekha, pakuti safunsa anadya phula.

Madzi oziziritsa

Injini ya boti imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja momwemo. M'mwendo mwake muli kapampu kokhala ndi timapiko tamphira timene timakankhira madzi kumutu. Umboni wakuti kapampuka kakugwira ntchito ndi kamtsinje ka madzi kotuluka kumbuyo kwa injini. Woyendetsa aziyang'ana kamtsinjeka atangoliza injini ndiponso kaŵirikaŵiri paulendo. Kakaleka, azimitse pomwepo, aone ngati poloŵera madzi patsekeka ndi jumbo, ndere kapena namasupuni.

Adani a timapikoti ndi aŵiri. Woyamba ndi mchenga, umene umayamwidwa pamene boti likocheza pagombe injini ikulira. Woyendetsa azimitse ndi kutukula injini madzi akadali akuya, n'kumalizira ndi nkhafi. Wachiŵiri ndi kuliza injini kumtunda popanda madzi, kumene kumapsereza mphira m'kamphindi. Poyesa injini pagombe, mwendo wake umizidwe mu mgolo wa madzi. Pa injini yogwira ntchito usiku uliwonse m'madzi amchenga, kusintha timapikoti chaka ndi chaka n'kotsika mtengo kuposa kugula pisitoni.

Giya ndi pulopela

Kunsi kwa mwendo kuli magiya osambira mu oilo wawowawo, wa SAE 90, woyenera kusinthidwa pa maola 100 alionse kapena miyezi isanu ndi umodzi. Oilo wotuluka akaoneka ngati mkaka, madzi aloŵamo, ndipo zotsekera zamphira zatha. Kaŵirikaŵiri chozidula ndi ulusi wa ukonde umene umazengezeka kuseri kwa pulopela, motero pulopela izichotsedwa nthaŵi ndi nthaŵi, ulusiwo uchotsedwe, mtanda wake upakidwe girizi. Oilo watsopano amathiridwa kuchokera pa bowo la pansi kufikira atatulukira pa la pamwamba, kuti mpweya usatsalire m'kati, ndipo bauti ya pamwamba ndiyo iyambe kumangidwa.

Pulopela yopindika kapena yobenthuka imanjenjemeretsa injini, imadya petulo ndi kuononga magiya. Ndiponso pulopela iyenera kugwirizana ndi katundu. Boti lolemera ndi chilimira chonyoŵa, anthu ndi nsomba limafuna pulopela yoluma madzi pang'ono, kuti injini izitha kuzungulira momasuka. Yoluma kwambiri imalemetsa injini ngati njinga yokwera phiri pa giya yolimba. Pomangirira injini, chitsulo chophwatalala cha pamwamba pa pulopela chikhale molingana ndi pansi pa boti kapena kutsikirako pang'ono, osapitirira masentimita aŵiri ndi theka. Chikakwera kwambiri pulopela imagwira mpweya n'kumalira chabe, chikatsika kwambiri mwendo umakoka madzi. Kuwonjezera pa zomangira zake, injini imangidwenso ndi chingwe kapena tcheni ku nthiti yolimba. Ikagwera m'madzi n'kuvuulidwa, mapulagi achotsedwe, madzi atulutsidwe, muthiridwe oilo, ndipo ipite kwa makaniko tsiku lomwelo dzimbiri lisanagwire.

Kuyesa panyanja

Ulendo woyamba ukhale wa masana, nyanja ili bata, pafupi ndi gombe. Injini ilire pang'onopang'ono mphindi zingapo kuti itenthe, kenaka moto uwonjezedwe mwapang'ono. Munthu mmodzi ayang'ane matabwa atsopano ndi makona a kumbuyo, wina amvetsere injini. Pambuyo pake boti liyesedwenso litasenza katundu wake wa masiku onse, pakuti matabwa a m'mwamba amene sakhudza madzi boti likakhala lopanda kanthu ndiwo amadontha likalemedwa.

Ngakhale boti lokonzedwa bwino lisachoke pagombe popanda nkhafi, chokapira madzi, nangula ndi chingwe chake, tochi, majekete oyandamitsa okwanira munthu aliyense, pulagi yapadera ndi sipanala yake, ndiponso chingwe china cholizira injini. Machenjezo a mwera amene a zanyengo amaulutsa pa wailesi amvedwe ndi kutsatidwa. Amene akufuna uphungu woposa apa angaupeze kwa alangizi a za usodzi a m'dera lawo, m'makomiti a pagombe, kapena ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, kumene kuli sukulu ya za usodzi ndipo kwakhala kukupangidwa maboti amatabwa kwa zaka zambiri.

Mwini boti asunge kabuku kolembamo tsiku limene anasintha oilo wa magiya, mapulagi ndi timapiko ta pampu, ndiponso matabwa amene anaona kuti adzafuna kusinthidwa chaka chamaŵa. Pa nsomba za tsiku lililonse azipatulapo kangachepe ka ntchito imeneyi, kuti nthaŵi yotulutsa boti ikadzafika ndalama ya mlombwa ndi misomali idzakhale ilipo kale. Anyamata amene amakwera boti lake madzulo alionse sanaone m'kati mwa matabwa kapena mwa injini. Amangokhulupirira kuti mwini wake anayang'ana.